Mfundo zofunika kwa wophunzira Chijeremani kudzera m'nkhani zazifupi

Pamsika wa Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza, Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi zimamveka pamalo amodzi. Ogula chimanga kwa amalonda a ku Milange anatola Chipwitikizi chawo pokambirana mitengo, liwu limodzi lero, lina mawa. Wachinyamata wa kuno wofuna Chijeremani, kaya n'cha sukulu, ntchito kapena choperekezera alendo okwera phiri la Mulanje, njira yake ndi yomweyo. Nazi mfundo zoti azisinkhesinkhe.

1. Musachite manyazi kuyamba ndi zazing'ono. Ku Ulaya luso la chilankhulo amaliyeza pa makwerero 6, kuyambira A1 mpaka C2. Mayeso a A1 a bungwe la Goethe-Institut amafuna mawu pafupifupi 650 okha, ndipo nkhani za khwerero limeneli zimalembedwa dala ndi ziganizo zofupika: munthu akupereka moni, akufunsa njira, akugula buledi. Mwini MSCE angaone ngati zachibwana, koma kudzichepetsa n'kumene kumatsegula mutu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

2. Sankhani nkhani ya msinkhu wanu. Nthano zimene Jacob ndi Wilhelm Grimm anayamba kusindikiza mu 1812 n'zotchuka padziko lonse, koma Chijeremani chake n'chakale ndipo chimafooketsa woyamba kumene. Wailesi ya Deutsche Welle ili ndi maphunziro aulere pa intaneti otchedwa Nicos Weg, nkhani ya mnyamata wa ku Spain amene akutaya chikwama atangofika ku Germany. Imayambira pa A1 n'kukafika pa B1. Ambiri amaleka chifukwa chofuna kudzionetsera ndi buku lowaposa.

3. Pirirani pamene simukumvetsa. Werengani nkhani yonse kaye musanatsegule dikishonale. Olemba nkhani zotere amabwereza liwu latsopano kangapo m'malo osiyana, kuti tanthauzo lidziulule lokha. Kenako ibwerezeni kachiwiri, kachitatu. Woima pa liwu lililonse amafika kumapeto ataiwala chiyambi. Mtima wodikira umene mukuphunzira pano udzakuthandizaninso pa ntchito ndi m'banja.

4. Musanyoze zimene muli nazo kale. Dzina la chinthu chilichonse m'Chijeremani limayenda ndi der, die kapena das, ndipo timawuti timasintha malinga ndi ntchito ya dzinalo m'chiganizo. Ambiri amaopa pamenepa. Komatu inu mumati "munthu wabwino", "chipatso chabwino", "dengu labwino" osaphonya, pamene palibe anakupatsani tchati. Munazimva kambirimbiri m'nthano za agogo ndi m'macheza a pakhomo. Khutu lomwelo lidzagwira Chijeremani ngati mulipatsa nkhani zokwanira.

5. Musaphunzire nokha. Bandulo ya intaneti ndi yodula, choncho sonkherani, koperani phunziro pa foni imodzi, muzimvetsera pamodzi. Wina awerenge mokweza, wina afotokoze nkhaniyo m'mawu ake, wina akonze. Wokonzedwa asakwiye, wokonza asanyade. Safunsa anadya phula.

6. Nenani zoona za pamene mwafika. Kuyambira 2007, ambiri otsatira amuna kapena akazi awo ku Germany amayenera kusonyeza kuti akudziwa Chijeremani cha A1, ndipo maphunziro a ntchito zamanja kumeneko kawirikawiri amafuna B1. Adobadoba olonjeza satifiketi yogula kapena ulendo wachidule amangodya ndalama za makolo amene anathyola tiyi m'maesiteti kuti azipeze. Pepala labodza silingayankhe funso la ofisala wa ku ofesi ya kazembe.

7. Chilankhulo chatsopano chisakuiwalitseni chanu. N'zomvetsa chisoni kuti achinyamata ambiri a m'Mulanje sangathenso kucheza ndi agogo awo m'Chilomwe. Wopereka moni wa ku Berlin koma wolephera wa pakhomo pake wataya zambiri. Mukamaliza nkhani khumi za A1, pitani kwa agogo akusimbireni nthano m'Chilomwe, ndipo muilembe m'ziganizo zisanu za Chijeremani. Mukatero mudzakhala ndi chanuchanu chouza mlendo, ndipo naye adzaphunzira kwa inu.