Wilo ya Mmisiri wa Zombo

Ku Deptford ndi ku Woolwich, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, Mfumu Henry VIII inakhazikitsa malo okhomera zombo. Amisiri a kumeneko sankangotsala pamtunda ayi. Chombo chikamapita ku India chinkatenga mmisiri wa matabwa woti azimata pobooka, ndipo ulendo wopita ndi kubwera unkatha zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ambiri sankabwerako. N'chifukwa chake munthu asanakwere, kapena atadwalika pakati pa nyanja, ankatchula omwe adzalandire zake: malipiro amene anali asanapatsidwe, zovala, nkhwangwa ndi macheka. Lamulo la 1677 litakhwimitsa za wilo yapakamwa, amalinyero ali panyanja linawalola kupitiriza kulawira pakamwa, poti imfa ya m'chombo sinkadikira mlembi.

Chondiimitsa mutu ndi maina a olandira. Kawirikawiri m'mawilo a anthu apanyanja mumapezeka mnzake wa m'chombo, kapena mayi wa nyumba yogona alendo amene ankamudyetsa pangongole padoko. Kodi kumeneku n'kulanda ana? Mtima umafulumira kuvomera, koma tidekhe. Amene anakupungulira madzi pakamwa uli gone kutali ndi kwanu ali ndi mangawa enieni pa iwe, ngakhale si wa magazi ako.

Angerezi akale anali ndi yankho lomwe ife silitidabwitsa. Ku London ndi m'chigawo cha York, mwamuna wosiya mkazi ndi ana ankagawa katundu wake wonyamulika patatu: gawo la mkazi, gawo la ana, ndi gawo limodzi lokha loti achite nalo kufuna kwake. Mwambowu anauthetsa ku York mu 1692, ndipo ku London m'zaka za m'ma 1720. Kuyambira pamenepo mwamuna akanatha kumana banja lake pafupifupi zonse, lamulo osamuletsa.

Sa'd ibn Abi Waqqas atadwala kwambiri ku Makka, anapempha kupereka magawo awiri mwa atatu a chuma chake, kenako theka. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anamulola gawo limodzi mwa atatu, namuuza kuti ngakhale limenelo n'lochuluka, pakuti kusiya olowa ali pabwino kumaposa kuwasiya akupemphetsa. Surat An-Nisa nayo ikamatchula magawo a olowa imabwereza kuti ngongole ndi wasiya ziyambe zachotsedwa. Choncho mayi wa padoko uja akanalandira zake monga wokongoza, mnzake wa m'chombo akanapeza malo m'gawo lachitatu, ndipo ana sakanadalira maganizo a bambo amene malungo amusokoneza mutu. Ine ndikuona kuti Angerezi anataya chinthu chamtengo pamene ufulu wa womwalira unakula kuposa njala ya otsala.

Komabe amalinyero anali ndi njira yawo. Mnzawo akamwalira, katundu wake ankamugulitsa patsinde pa mlongoti, ndipo nthawi zambiri ankakwezerana mitengo mwadala, malaya akutha n'kugulidwa ngati atsopano, kuti ndalamazo zikafike kwa mkazi wamasiye.