Kodi Mfuti ya Agogo Imasenza Magazi? Za Volovolo Yakale ya Banja ku Mlowe

Pa katundu yense amene munthu amasiyira ana ake, mfuti ndiyo imavuta kuilandira ndi mtima umodzi, chifukwa khasu, bwato ndi ukonde zinapangidwa kuti zidyetse anthu, pamene mfuti yaing'ono ya m'manja, imene anthu amaitcha volovolo, inapangidwa kuti iphe munthu amene waima pafupi, ndipo ngakhale mlenje alibe nayo ntchito. Volovolo ndi mfuti yokhala ndi kachitsulo kozungulira ka mabowo, kawirikawiri asanu ndi limodzi, momwe mumakhala zipolopolo, ndipo kachitsuloko kamatembenuka nthawi iliyonse munthu akawomba. Banja la ku Mlowe, m'dera la Mfumu Mwamlowe m'boma la Rumphi, kumene mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja ya Malawi, likapeza chida chotere pansi pa bokosi la malemu, chokulungidwa m'nsanza ya mafuta, limafuna kudziwa mtundu wake, zaka zake ndi mtengo wake. Komabe pali funso lina limene anthu salitulutsa msanga pakamwa: kodi chitsulo chimasenza zimene mwini wake anachita nacho, kotero kuti wolowa chuma walowanso magazi?

Funsoli silingayankhidwe mfutiyo isanadziwike, ndipo mwamwayi chitsulo chimanena zambiri za chiyambi chake kwa munthu wodziwa kuwerenga zidindo. Volovolo imene asilikali a Britain anayenda nayo m'maiko ambiri ndi ya Webley, yopangidwa ku Birmingham, imene imathyoka pakati munthu akakankha kotsekera kake, n'kulavula zikhokho zonse nthawi imodzi. Gulu lankhondo la Britain linailandira mu 1887, ndipo inasinthidwa kangapo: Mark IV inabwera mu 1899, pamene Mark VI, yodziwika ndi mpope wa mainchi 6 ndi chigwiriro cha ngodya, inabwera mu 1915, ndipo zambiri za mtundu wotsirizawu zili ndi chaka chodindidwa pambali. Nambala .455 ya pa mfutizi imatanthauza kukula kwa chipolopolo mu inchi. Volovolo ya Enfield ya .38 ndi yam'mbuyo, chifukwa inalandiridwa mu 1932. Kachizindikiro kooneka ngati nsonga ya muvi kamasonyeza kuti chidacho chinali cha boma la Britain, ndipo mivi iwiri yoyang'anizana imasonyeza kuti boma linachigulitsa. Palinso zidindo za mayeso, zimene zimaikidwa mfuti ikawombedwa ndi wonga wopitirira muyeso kuti aone ngati singaphulike: nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo zilembo ELG zozunguliridwa ndi mzere wonga dzira ndi za ku Liège ku Belgium, kumene kunkapangidwa volovolo zambiri zotsika mtengo zotsanzira za ku England.

Chaka chikadziwika, nkhani ya banja imalowa m'bwalo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'dera lalikulu la Africa, Nyasaland ali momwemo, ndipo mfuti imene munthu wa kumudzi ankatha kukhala nayo inali gogodela, ija yothira wonga ndi chipolopolo kukamwa. M'gulu lankhondo volovolo inali makamaka ya akuluakulu achizungu, pamene msilikali wamba ankanyamula mfuti yaitali. Motero volovolo ikapezeka m'nyumba ya ku Mlowe, njira imene inadzera ndi yofunika kuifufuza. Kumpoto kwa nyanja kunachitika nkhondo yolimbana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, imene inayamba ndi African Lakes Company mu 1887 n'kutha mu December 1895 pamene Mlozi anapachikidwa pafupi ndi Karonga, ndipo m'nkhondo imeneyi Atonga ambiri anamenyera kampaniyo pamene Ahenga ena anali kumbali ya Mlozi. Pa 9 September 1914 asilikali a Germany ndi a King's African Rifles anamenyana ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira amuna ambirimbiri anatengedwa kukhala amtengatenga, osenza katundu wa nkhondo pamutu. M'nkhondo yachiwiri asilikali a Nyasaland anafika ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma. Machona, amene anakhalitsa ku Joni, ku Southern Rhodesia ndi ku Tanganyika, nawonso ankabwera ndi katundu wosayembekezeka m'mabokosi awo. Ngati banja limanena kuti agogo anamenya nkhondo ya Mlozi ndi volovolo imeneyi, koma pambali pake padindidwa Mark VI ndi chaka cha 1917, ndiye kuti nkhaniyo yasakaniza mibadwo iwiri, chifukwa chitsulo sichingapezeke pankhondo zaka 22 chisanasulidwe.

Ena amaona kufufuza kotereku ngati kunyoza makolo, koma maganizo amenewa ndi olakwika. Munthu amene anasenza bokosi la zipolopolo kuchokera ku Karonga kulowa m'mapiri a German East Africa, nabwerera ali wowonda ndi kamwazi, salemekezedwa pomusandutsa ngwazi ya nkhondo imene sanamenyeko, chifukwa potero masautso ake enieni amafufutika. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi ndi lamulo loletsa umboni wonama zili pa miyala yomweyo, ndipo sizingatsutsane. Kudziwa chaka cha mfuti ndi njira imodzi yobwezera malemu mbiri yake yeniyeni, ngakhale itakhala yaing'ono kuposa imene ankasimba pamoto.

Pa funso la magazi, chikhulupiriro cha makolo chili ndi yankho lake lolemera. Achewa amadziwa chirope, ndiko kusokonezeka kumene kumagwira munthu amene wakhetsa magazi a mnzake kapena a nyama yaikulu, ngati sanatsukidwe ndi mankhwala oyenera, ndipo Atumbuka amadziwa kuti mizimu imatha kuvutitsa amoyo kufikira itavinidwa m'vimbuza. M'kaonedwe kameneka kupha sikuthera pa tsiku lophalo, ndipo n'chifukwa chake mayi wachikulire angakane kuti chida chotere chigone m'chipinda cha ana. Sizoyenera kupeputsa mantha amenewa, popeza amasunga choonadi chimene wogula zinthu zakale amachiiwala, chakuti kumbali ina ya mpope kungakhale kunaima munthu amene nayenso anali ndi mudzi ndi ana. Malemba amene anafika m'derali kudzera ku Livingstonia, mishoni imene Robert Laws anaikhazikitsa ku Khondowe mu 1894, amalankhula mbali ziwiri. Eksodo 20 imanena za mphulupulu za makolo zimene zimafikira ana ndi zidzukulu, pamene Ezekieli 18 imakana kuti mwana asenze tchimo la atate wake. Ndime ziwirizi zimamveka bwino munthu akasiyanitsa mlandu ndi zotsatira: mlandu ndi wa amene anakoka chowombera, ndipo sulowa m'chitsulo kapena m'mwazi wa mdzukulu, koma zotsatira za chochitikacho, monga chuma chimene chinabwera nacho, udani umene chinasiya ndi chinsinsi chimene banja lakhala likubisa, zimayenda ndithu kuchokera mbadwo wina kufikira wina. Wolandira volovolo alibe mlandu, koma ali ndi udindo wofunsa, wonena zoona, ndiponso woonetsetsa kuti chidacho chisadzapwetekenso munthu.

Baibulo lomwelo limasonyeza zinthu ziwiri zakale zimene zinasungidwa m'malo opatulika, ndipo mathero ake anasiyana. Mu 1 Samueli 21 lupanga la Goliati likupezeka ku Nobu, lokulungidwa m'nsalu, likusungidwa ndi wansembe Ahimeleki, koma Davide atafika ali pothawa analitenga, ndipo chikumbutso chinabwereranso kukhala chida. Mu 2 Mafumu 18 mfumu Hezekiya inaphwanya njoka yamkuwa imene Mose anapanga, chifukwa anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Volovolo ya banja ili pa ngozi ziwiri zomwezi. Ingatulutsidwe m'nsanza yake tsiku limene abale akanganirana malire a munda kapena malo oyanikapo usipa, makamaka poti kwa Atumbuka chuma chimatsata mzere wa bambo ndipo funso la mwana woyenera kuisunga lingabutse mkangano palokha. Ingathenso kusanduka chithumwa, banja n'kumakhulupirira kuti mwayi wake wonse wagona m'chitsulocho, kotero kuti kuchichotsa n'kuitana tsoka.

Za mtengo wa ndalama zimatha msanga kuzifotokoza. Osonkhanitsa mfuti zakale ku Ulaya ndi ku America amayang'ana ngati manambala a zigawo zonse akufanana, ngati khungu lakuda la chitsulo likadalipo, ngati kachitsulo kozungulira sikanapalidwe kuti kalandire zipolopolo za mtundu wina, ndiponso ngati pali kalata kapena chithunzi chosonyeza mwini wake woyamba. Chinyezi cha kunyanja chimadya chitsulo, ndipo munthu amene akwecha dzimbiri ndi mchenga kuti mfuti iwale amafufuta zidindo zomwezo zimene zikanainenera. Webley Mark VI inapangidwa yambirimbiri m'nthawi ya nkhondo, kotero si chuma chosowa monga mmene ambiri amaganizira. Ku Malawi kusunga mfuti kapena kuigulitsa popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa Firearms Act, ndipo ukale wa mfuti paokha supatsa wolowa chuma ufulu woisunga mwakabisira. Wogula amene angabwere usiku ndi ndalama m'thumba safuna mbiri, koma chida. Katswiri wa maganizo Immanuel Kant analemba mu 1785 kuti chinthu chimene chili ndi mtengo chingasinthanitsidwe ndi china chofanana nacho, pamene chimene chili ndi ulemu chilibe cholowa m'malo mwake. Monga chitsulo, volovolo ili ndi mtengo, chifukwa ina ya nambala yotsatira ingachite zomwezo. Ulemu ndi wa anthu awiri, amene anaigwira ndi amene analozedwa nayo, ndipo chitsulocho chimangokhala mboni yao.

Ngati phindu la volovolo lili mu umboni wake, ndiye kuti umboniwo ungasungidwe popanda kusunga mphamvu yake yakupha. Anthu a ku Mozambique anayenda njira imeneyi nkhondo yao itatha mu 1992: kuyambira mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu m'dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera, motsatira masomphenya a Yesaya 2 a malupanga osulidwa kukhala zolimira, ndipo zina mwa mfutizo zinadulidwa n'kupangidwa mpando umene tsopano uli ku British Museum. Kwa anthu a ku Rumphi, kumene dzina la ufumu wa Chikulamayembe limakumbutsa makasu amene Mlowoka, woyambitsa ufumuwo, ankapatsa anthu, kusinthanitsa kotere sikungakhale kwachilendo. Banja la ku Mlowe lingajambule chida chake mbali zonse, osayesa kuchiwomba kapena kusewera ndi zipolopolo zakale, n'kulemba nambala yake, zidindo zake ndi zonse zimene akuluakulu otsala akukumbukira, kuphatikizapo pamene akutsutsana, kenako n'kukaonana ndi apolisi, ndi kufunsa ngati nyumba yosungira zakale, monga ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004, ingachilandire. Pepala limenelo lingaikidwe m'Baibulo la banja, pafupi ndi tsamba la maina a obadwa ndi omwalira, pamodzi ndi dzina la mwini mfutiyo, chaka chimene anachoka pamudzi, ndi chaka chimene anabwerera.