Mpeni Wonoledwa pa Mayeso

Taganizani za mnyamata wa ku Nathenje amene wakonzekera miyezi yambiri mayeso olowera maphunziro a zamalamulo ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba. Waphunzira kufunsa pa mawu aliwonse kuti: umboni uli kuti? Mayeso atha, koma chizolowezi chatsala. Pamsika wa Mitundu atsutsa wogulitsa mtedza. Kunyumba amayi ake akamlangiza, iye angofunafuna cholakwa m'mawu awo.

Kodi nzeru yotere njoipa? Iyayi. Mpeni wakuthwa usenda mbatata, ubayanso mnansi. Wofunsa kuti choonadi chioneke adzateteza mkazi wamasiye wolandidwa munda. Wofunsa kuti angopambana adzatsala yekha. Tsono asanayese mawu a mnzake, ayambe wayesa mtima wake.