Njati Imodzi, Mfuti Ziwiri

Kumadzulo kwa boma la Chama, kumene dziko limatsetsereka kulowera kumtsinje wa Luangwa, kuli dera la nyama la Musalangu. Lamulo limatcha madera otere Game Management Area. Si paki. Anthu a Mfumu Chifunda ndi Mfumu Chikwa amakhala momwemo, amalima mpunga ndi chimanga, koma nyama iliyonse yoyenda m'thengo lawo ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Tsidya lina la mtsinje ndiye kuli paki ya North Luangwa.

Chilimwe chikafika, mlendo wochokera ku Texas kapena ku Spain amatsika kandege, amagona m'matenti, amalondola mapazi a njati masiku angapo, n'kuiwombera. Amajambulitsa atagwira nyanga, ndipo mutu wa njatiyo umakapachikidwa pakhoma kwawo. Ameneyu amatchedwa kasitomala. Mwezi womwewo, bambo wa m'mudzi wapafupi akapezeka ndi mwendo wa njati kuseri kwa nkhokwe, amatchedwa pocha, ndipo amakagona m'chitokosi. Njati zonse ziwiri zinafa ndi chipolopolo. Chosiyanitsa amuna awiriwa ndi pepala. Kodi pepala lingachititse kupha kukhala kolungama?

Mwina inu a ku Kanyama, Matero kapena Kapata mukuti nkhaniyi ndi ya anthu akuchigwa. Koma nyama ya m'thengo yowamba ija imene imagulitsidwa monong'onezana m'komboni simera m'munda. Funsoli lili kale m'mbale zathu.

Njati, njovu ndi mkango timazidziwa kwambiri, moti tikamazikamba mitima imathamanga kuposa nzeru. N'chifukwa chake ndikufuna tiyambe tayang'ana nyama ina imene sinatidyerepo chimanga, ya kutali kumpoto kwa dziko lapansi, ku Greenland, Canada ndi Alaska. Azungu amaitcha muskox. A Inuit, eni dzikolo, amati umingmak, kutanthauza chandevu. Poiona mungati ndi njati yovala bulangeti, pakuti ubweya wake umalendewera mpaka pafupi ndi pansi, koma abale ake enieni ndi mbuzi ndi nkhosa. Pansi pa ubweya wautaliwo pali wina wofewa wotchedwa qiviut, wofunda kuposa wa nkhosa. M'miyezi ya mdima ndi chisanu choopsa imafukula chipale chofewa ndi ziboda kuti ipeze udzu, ndipo siyendayenda, kuopa kutha mphamvu. Yaikazi imabala mwana mmodzi basi, ndipo chaka chikavuta sibala n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti nyamayi sikonda kuthawa. Mimbulu ikabwera, zazikulu zimaima mogundana matako, nyanga kunja, ana pakati kapena kumbuyo. Kwa zaka masauzande nzeru imeneyi inagwira ntchito, chifukwa mmbulu ulibe chochita ndi mpanda wa nyanga. Kenako kunabwera munthu wa agalu ndi mfuti. Agalu akauwa, nyama zinkaima monga mwa mwambo wawo, ndipo iye ankangosankha yoyamba kugwetsa. Ogula zikopa, osaka anangumi ndiponso azungu ofufuza mayiko ozizira monga Robert Peary anazipha zambirimbiri. Ofuna ana oti akagulitse kumalo oonetsera nyama ankayamba apha zazikulu zonse, chifukwa sizikanawasiya anawo. Pofika m'ma 1920 ku Alaska kunalibe ngakhale imodzi. Dziko la Canada linaletsa kuzisaka mu 1917 litaona kuti zikutha.

Ndimaima nthawi yaitali pa chithunzi chimenechi. Chimene chinaphetsa nyamayi ndi khalidwe lomwe ife tikaliona mwa munthu timalitama: kusathawa, kusasiya mwana. Amene amati kusaka ndi mpikisano wa munthu ndi chilombo andiuze kuti mpikisano uli pati pamene winayo waima chilili.

Komabe nkhaniyi sinathere pamenepo, ndipo mbali yake yachiwiri imandivuta kwambiri. Mu 1930 boma la America linagula muskox 34 zogwidwa ku Greenland. Mu 1935 ndi 1936, zokwana 31 zinakasiyidwa pachilumba cha Nunivak, kumene kulibe mimbulu. Zinaswana mpaka chakudya cha m'nyengo yozizira chinayamba kuchepa. Zina anazisamutsira kumadera ena a Alaska, ndipo mu 1975 analola kusaka pachilumbapo, mowerengera. Anthu a m'mudzi wa Mekoryuk, eni chilumbacho, amadya nyamayo ndiponso amapeza ndalama ponyamula ndi kusamalira alenje obwera. Lero ku Alaska kuli muskox masauzande angapo. Mfuti inazitha koyamba, koma ulendo wachiwiriwu sinazithe. Mtima wa mlenje sunasinthe ayi. Chinasintha n'chakuti pali wowerenga nyama, pali malire, ndipo amene amakhala nazo ali ndi chifukwa chofunira kuti zikhalepobe.

Oteteza kusaka kwa alendo amakonda kunena kuti iwo amangopha nkhunzi zokalamba zimene zatha ntchito. Apa muskox ikuwatsutsa. Mu 2013 akatswiri awiri, Joshua Schmidt ndi Tony Gorn, analemba za zimene zinachitika ku Seward Peninsula, ku Alaska komweko: alenje atachulutsa kupha nkhunzi zazikulu, ana opulumuka anachepa. Iwo anaganiza kuti n'chifukwa chakuti nkhunzizo ndi zimene zimalimbitsa mpanda uja zimbalangondo ndi mimbulu zikabwera. Paja akulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mutu umene umaoneka bwino pakhoma ndi womwewo umene unali kutchinga ana.

Kwathu kuno tinaona zofanana ndi mikango. Mkango waumuna wolamulira gulu ukaphedwa, wina wolowa m'malo amapha ana amene wawapeza. Mu Januwale 2013 nduna ya zokopa alendo, Mayi Sylvia Masebo, inaimitsa kusaka mikango ndi anyalugwe, ndipo mikango sinasakidwenso mpaka 2016. Thandiwe Mweetwa, katswiri wa mikango wokulira ku Mfuwe, pamodzi ndi anzake anapeza kuti m'zaka zimenezo mikango ya ku South Luangwa inachuluka, yaimuna inakhala ndi moyo wautali, ndipo ana ambiri anakula. Laisensi inalipo zaka zonse za m'mbuyomo, yodindidwa bwinobwino, koma mikango inali kuchepa. Choncho pepala palokha silikwanira.

Pali china chimene a ku Chama ayenera kuchikumbukira. Alaska italakwitsa, inakatenga zina ku Greenland. Ifenso zipembere zathu zakuda zitatha, moti mu 1998 zinalengezedwa kuti kulibenso m'Zambia, tinakapempha ku South Africa, ndipo zoyamba zinafika ku North Luangwa mu 2003 mothandizidwa ndi Frankfurt Zoological Society. Koma nyumbu ya Cookson kwawo ndi m'chigwa cha Luangwa mokha. Alenje akunja amaifuna pa chifukwa chomwecho, chakuti kwina kulibe. Imeneyi tikalakwitsa masamu palibe kokabwereka.

Nanga tiletse basi? Kunena zoona, mutu wa nyama pakhoma sundisangalatsa. Munthu wouluka tsiku lathunthu kuti akamve kukoma kwa kugwetsa chamoyo ali ndi njala imene sindiilemekeza. Koma kunyansidwa kwanga ndi kotchipa. Ndimanyansidwa nditakhala pamalo pamene njovu singafike. Mayi wa kwa Chikwa amene wagona pansanja mwezi wathunthu akuimba zitini kuti ateteze mpunga, n'kudzaupeza wapondedwa usiku umodzi, boma silimulipira kalikonse. Wogwidwa ndi ng'ona potunga madzi nayenso chimodzimodzi. Pamene mkango wotchedwa Cecil unaphedwa ku Zimbabwe mu 2015, dziko lonse linalira pa Facebook. Dzina la mlimi aliyense wa m'chigwa wophedwa ndi njovu chaka chimenecho palibe analiika pa sikipa. Mu 2024 Mokgweetsi Masisi, yemwe anali Pulezidenti wa Botswana, anaopseza kuti atumiza njovu 20,000 ku Germany kuti nawonso alawe kukhala nazo. Kunali kunyoza, koma mfundo yake inamveka: n'kosavuta kukonda njovu ya pa foni.

Ndiponso Musalangu si Mfuwe. Alendo ojambula zithunzi amafuna misewu, malo ogona abwino ndi nyama zozolowera galimoto. Mvula ikagwa, midzi yambiri ya m'chigwa cha Chama imadukidwa ndi mitsinje. Mlenje amapirira zimenezo ndipo amalipira madola masauzande pa nyama imodzi. Wofuna kumuthamangitsa anene kaye amene adzalipire alonda a nyama a m'mudzi iye akachoka.

Vuto lenileni lili pa kumene ndalamazo zimathera. Kuyambira ndi lamulo la 1998, madera a mafumu ali ndi makomiti osankhidwa otchedwa Community Resources Board. Pangano linali lakuti theka la ndalama zolipirira nyama yophedwa libwerere kwa eni dera: magawo 45 pa 100 ku komiti, 5 kwa mfumu. Papepala n'zokoma. Koma ZAWA itathetsedwa, ntchito yake n'kupita ku Department of National Parks and Wildlife mu 2016, ndalama zinayamba kudutsa ku thumba la boma, n'kumachedwa. Mu 2019 makomitiwa anafika ponena poyera kuti kusaka kuimitsidwe chifukwa gawo lawo silinali kufika. Taganizirani zimenezi ndi maso a bambo wa mwendo wa njati uja. Anamuuza kuti asiye mfuti ya gogodera ya agogo ake chifukwa njati yamoyo idzamangitsa kiliniki. Njatiyo inafa ndi mfuti ya wina, kiliniki sanaione, ndipo njati zotsala zikumudyerabe m'munda. Pangano limene mbali imodzi yokha ndiyo imamangidwa ikaliswa, ndi pangano la mtundu wanji?

Sindikuti pocha ndi woyera. Khwekhwe la waya silisankha: limagwira nyumbu yabere, limadula chitamba cha mwana wa njovu, limapha mkango pang'onopang'ono masiku ambiri. Ambiri otchera sachitira mphika wa kunyumba, amachitira msika, ndipo msikawo ndife a m'tauni. Makolo nawonso tisawavale halo. A Senga a ku Chama analemera ndi malonda a minyanga ya njovu ndi Aswahili m'zaka za m'ma 1800, ndipo njovu zambiri zinagwa. Koma ngakhale nthawi imeneyo kunali lamulo lodziwika: mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu, mwini nthaka. Wopha ankadziwa kwa amene ayenera kukagwada, ndipo munthuyo ankakhala pamtunda woyenda pansi. Lero wolamula za njati ya kwa Chifunda amakhala ku Chilanga.

Kuti munthu wa m'chigwa amasintha akapatsidwa chifukwa chomveka, umboni ulipo. Bungwe la COMACO lakhala likugula mpunga wa ku Chama ndi mbewu zina pamtengo wabwino kwa alimi osiya kutchera, ndipo anthu apereka okha mfuti ndi makhwekhwe ochuluka. Mpunga umenewo mumaupeza m'masitolo a ku Lusaka m'mapaketi olembedwa It's Wild! Palibe anawalalikira za kukonda nyama. Anangoona kuti mawu akusungidwa, ndalama ikufika pa tsiku lake.

Ine ndingalole kuti mlendo uja aphe njati yake, ngakhale sindimukonda, pokhapokha anthu ogona pafupi ndi njatiyo atakhala ndi mphamvu yomukaniza. Chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe chaka chino kwa Chifunda chimatidwe pakhoma la sukulu ndi la kiliniki: njati zingati, nyumbu zingati, anyalugwe angati, pa mtengo wanji, ndipo ndalama zinalowa liti m'buku la komiti. Owerenga nyama akati nkhunzi zachepa, mfuti zikhale chete chaka chimenecho ngakhale kasitomala atalipira kale tikiti ya ndege. Ndipo pa chiwerengero chomwecho pakhale njati zina zolembedwa dzina la mudzi, zoti bambo uja azisenze masana, akudutsa pamaso pa alonda.