Anthu Asanu, Laputopu Imodzi: Tiyambe Sabata Ino

Anzanga a ku Mzimba, dzukani tiyambe. Inu muli pa Mzuni ku Luwinga. Inu a Unilia ku Ekwendeni. Inu mukusulidwa uphunzitsi ku Loudon, pa Embangweni. Nanunso muli patchuthi pa Jenda kapena pa boma, mukuwerenga masiku kuti semesita iyambe liti. Nkhani iyi ndi yathu tonse.

Tadikira mokwanira. Tadikira labu yatsopano. Tadikira galimoto ya bungwe kuti ibwere ndi katswiri, atiphunzitse coding masiku atatu, atisiyire alawansi ndi satifiketi. Basi, zakwana! Mphunzitsi amene tikumudikirayo tili naye kale. Ndi mnzathu uja wa chipinda choyandikana nafe, amene amachezera usiku kulimbana ndi Python mpaka imumvere. Sadziwa zonse ayi. Akudziwa kanthu kamodzi kamene ife sitikukadziwa. Poyambira pake ndi pomwepo.

Mu 1991, Linus Torvalds anali mwana wa sukulu pa yunivesite ya Helsinki, wa zaka 21 zokha. Analemba pulogalamu yake, naiika poyera kuti anzake aione, aidzudzule, aikonze. Ndiye Linux ameneyo. Lero ali m'kati mwa foni ya Android imene ili m'thumba mwanumo. R, imene akatswiri a kafukufuku amasanthulira manambala, anaiyamba anthu awiri pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, Ross Ihaka ndi Robert Gentleman. R ndi yaulere. Python ndi yaulere. QGIS yojambulira mapu ndi yaulere. Palibe amene akutifunsa risiti pakhomo.

Ndiye tilemba code yokhudza chiyani? Tatsegulani zenera la basi mukamadutsa pa M1, pakati pa Mzimba ndi Mzuzu. Chikangawa uyo! Boma linakuza nkhalango ya Viphya m'zaka za m'ma 1960, n'cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, koma mitengo inabzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Ife tinakula tikumva kulira kwa macheka. Tikudziwa fungo la utuchi. Taona malole a matabwa akutsika usiku, taona fakitale ya Raiply, taonanso mapiri amene kale anali bii ndi paini atasanduka zitsa zokhazokha. Chilimwe chilichonse utsi umakwera, ndipo mbande zobzalidwa ndi thukuta zimapsa tsiku limodzi.

Tsono tamverani izi. Masetilaiti a Sentinel-2 amajambula malo amenewa pafupifupi masiku 5 alionse, ndipo kadontho kamodzi pa chithunzi chawo kamaimira mamita 10 pansi pano. Zithunzizo n'zaulere. Landsat inayamba kujambula dziko lapansi mu 1972, ndipo kuyambira 2008 nkhokwe yake ndi yotsekukira aliyense. NASA ili ndi FIRMS, imene imaonetsa pamene pakuyaka moto patangopita maola ochepa. Zonsezi zilipo. Chikusowa ndi munthu woti akhale pansi n'kufunsa. Moto umayambira kuti chaka ndi chaka? Pafupi ndi msewu kapena m'malire a midzi? Mwezi uti? Malo amene anabzalidwanso, mitengo yake yagwira?

Munthu wa ku London akhoza kutsitsa zithunzi zomwezo. Koma sadziwa kuti Luwawa ndi kuti, Lusangazi ndi kuti. Sadziwa kuti mu Juni chifunga chimaphimba phiri lonse. Sangakwere njinga kukaona ngati banga lakudalo ndi pamene panapsa kapena ndi chithunzithunzi cha mtambo. Inu mungathe. Atsibweni anu anachekapo matabwa kumeneko. Nzeru imeneyo simungaitsitse pa intaneti. Muli nayo kale m'mutu.

Ndiye sonkhanani. Wa zankhalango abwere ndi funso. Wa ICT abwere ndi code. Wa masamu ayese ngati yankho lake ndi loona. Wa unamwino abweretse mafunso a kuchipatala, wa zauphunzitsi abweretse a m'kalasi. Gulu lotere limayenda ngati banki m'khonde ya amayi athu: tsiku lake n'lodziwika, aliyense amaponya kochepa kamene ali nako, ndipo pakutha pa chaka aliyense amanyamula zoposa zimene anaponya.

Anthu asanu akwana. Tsiku limodzi pa sabata. Maola awiri. Osayamba ndi kusankha tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, chonde. Magulu ambiri amafera pa malamulo ndi masikipa a yunifomu asanalembe mzere umodzi wa code. Yambani ndi ntchito. Ndipo kiyibodi mupatseni amene akudziwa zochepa kuposa onse. Odziwawo manja m'thumba, azingofotokoza pakamwa. Zimachedwa, inde. Zimatopetsa, inde. Koma chimene chala chako chalemba sichichoka m'mutu, pamene choonerera chimatha usanafike n'kunyumba komwe.

Error ikatuluka, musatseke laputopu. Iwerengeni mokweza, nonse mumve. Mawu ofiirawo sakukutukwanani. Akukuuzani mzere umene mwaphonya. Bungwe la The Carpentries, limene limaphunzitsa ochita kafukufuku m'mayiko ambiri, lili ndi njira yosavuta: wophunzitsa amalemba code pamaso pa onse, akalakwitsa amakonza onse akuona, ndipo wophunzira aliyense amakhala ndi timapepala tiwiri ta mitundu yosiyana. Kena kakuti zikuyenda, kena kakuti ndathina. Tengani njira imeneyo. Funsani. Funsaninso. Safunsa anadya phula.

Alongo ndi achemwali, musalole kuti mukhale olemba maminitsi anyamata akugwira kompyuta. Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe. Wangiwe Kambuzi anayambitsa Mzuzu E-Hub kumpoto konkuno. Gabriela de Queiroz anayambitsa R-Ladies ku San Francisco mu 2012, ndipo magulu ake anafalikira m'mizinda yambiri ya dziko lapansi. Kokani mpando. Khalani kutsogolo. Ndipo inu anyamata, gulu limene mulibe mtsikana wolemba code ndi gulu lopunduka, ngakhale litadziwa zambiri bwanji.

Magetsi amazima? Amazimadi. Bandulo ndi yodula? Ndi yoduladi. Koma R ndi Python mukangoziika mu kompyuta zimagwira ntchito popanda intaneti. Mmodzi atsitse pamene netiweki ili bwino, enawo atenge pa fulashi. Wopanda laputopu aike Pydroid 3 pa foni, ayambe ndi zala ziwiri. Batire likatha, tengani pepala ndi cholembera, lembani ndondomeko ya pulogalamu yanu, mudzaiyese magetsi akayaka. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuni inapsa, mabuku masauzande ambiri n'kusanduka phulusa. Sukulu sinafe. Ophunzira anabwerekana zimene zinatsala, anaphunzira, analemba mayeso, anavala zipewa. Ife ndife a mtundu umenewo.

Inu a chaka chomaliza ndi inu a masters, ndikunena mosabisa mawu: lekani kulipira munthu kuti akusanthulireni data. Tsiku loteteza kafukufuku wanu, iye sadzakhalapo. Mudzaima nokha, mafunso akugwa ngati matalala. Koma mukalemba nokha script yanu mzere ndi mzere, mnzanu n'kuiwerenga, n'kuiyendetsa pa kompyuta yake, n'kupeza yankho lomwelo, palibe funso lingakugwetseni. Supavaiza akati sinthani tebulo, mumasintha mzere umodzi, zonse n'kudzikonza zokha.

Ndipo nkhalango si ntchito yokhayo. Chitumbuka chimene timayankhula pamsika wa Mzimba n'chochepa kwambiri m'makompyuta. Gulu la Masakhane, la achinyamata ndi akatswiri a mu Africa, linayamba mu 2019 kuphunzitsa makina zilankhulo zathu, ndipo khomo lake n'lotsekula. Midzi yambiri ya kwa M'mbelwa, mijigo yake ndi tinjira take, zikudikira wozilemba pa OpenStreetMap. Ndani akudziwa njira ya ku Edingeni kuposa mwana wa ku Edingeni?

Tulutsani foni tsopano lino. Lembani mayina anayi. Atumizireni uthenga: Loweruka, 2 koloko masana, m'kalasi ina iliyonse yopanda anthu kapena pakhonde pamene pali soketi. Wina abwere ndi fulashi, wina ekisitenshoni. Tsiku loyambalo ikani QGIS ndi Python m'makompyuta onse amene abwera, mutsegule chithunzi chimodzi cha Chikangawa cha mwezi wa Okutobala, muyambe kusaka pamene panapsa. Musanabalalike, sankhani wophunzitsa wa sabata yamawa, ndipo asakhale yemwe waphunzitsa lero.