CITHUNZI CA PA KHOMA, ANA ATACOKA

Munthu woyenda pa mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, ataoloka ulalo wa Luangwa, akwera mapiri nafika pa Nyimba, pamene akazi agulitsa nthoci m'mbali mwa njira. Ndipo atapitirira afika ku Petauke, dziko la Ansenga a Mfumu Kalindawalo. Akapatuka nalowa m'nyumba za m'midzi ya kumeneko, kawirikawiri adzapeza cinthu cimodzi pa khoma, pafupi ndi kalendala wa caka catha: cithunzi ca banja. Atate akhala pa mpando, amai pambali pao ndi khanda pa miyendo, ana aimirira monga mwa misinkhu yao, wamng'ono patsogolo ndi nsapato zomkulira. Mlendo akafunsa kumene ali anawo, mwini nyumba aloza ndi cala mmodzi mmodzi: uyu ali ku Kanyama, uyu ku Kitwe, uyu anakwatiwa ku Katete, uyu sanamveke zaka zinai, uyu anagona. Pa anthu asanu ndi awiri a m'cithunzi, otsala pa khomo ndi awiri okha.

Alipo akulu ena amene ayesa cinthu cimeneci cacabe, ndipo mau ao sayenera kunyozedwa. Iwo amati: Cithunzi sicilima, sicitunga madzi, sicinyamula wodwala kunka naye ku cipatala ca Minga kapena ca Nyanje. Ndalama ya wojambula ikadagula mcere ndi sopo. Ndiponso cithunzi cidzutsa cisoni cimene cikadagona, pakuti mkazi wokalamba aciyang'ana madzulo nakagona ndi misozi. Makolo akale analera ana, nawatsazika, nawakumbuka, osakhala ndi pepala lotere. Kodi cikondi cao cinali cocepa?

Cikondi cao sicinali cocepa ai, koma njira zao zinali zazifupi. Kale mwana wocoka pa mudzi anali mnyamata wokakwatira tsidya lija la mtsinje. Amace anamuona pa maliro, pa dima, pa cinamwali. Nkhope yace inakalamba pamaso pao, ndipo panalibe cosowa kuisunga pa pepala. Zinthu zinasintha pamene British South Africa Company inaika msonkho kuciyambi kwa zaka za 1900. Ndalama sizinali kupezeka m'midzi, cotero anyamata anayenda pansi ulendo wa masabata, naoloka Zambezi ca ku Feira ndi Zumbo, kukagwira nchito m'minda ya Azungu ku Mazoe, m'migodi ya Shamva ndi Wankie, ndi m'mzinda wa Salisbury, kumene anthu a kumudzi anakucha ku Walale. Pambuyo pace mgodi wa ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1931, Lusaka nasanduka likulu m'caka ca 1935, ndipo njira inatembenukira kumadzulo. Ena anabwera ndi bulangete ndi njinga. Ena sanabwere konse, ndiwo amene anachedwa machona.

Pali cisoni cimodzi cimene amai a machona sanali kucinena poyera: kuti patapita zaka makumi awiri nkhope ya mwana imafafanizika mu mtima. Mai akumbukira liu lace, kayendedwe kace, cipsera ca pa bondo. Koma akatsinzina kuti aone nkhope, nkhopeyo ikana kudza. Ndipo mai ameneyo adziyesa wocimwa, monga ngati wataya mwana wace kawiri. Nanga mng'ono wobadwa mkuru wace atacoka kale, iye adzakumbukira ciani? Amva dzina lokha. Apa mpamene cithunzi cipeza nchito yace yoyamba, ndipo si nchito yaing'ono: cithandiza mtima wa munthu pamene uli wofoka.

Komatu cithunzi cidziwanso kunama, ndipo cimeneci ciyenera kunenedwa mosabisa. Zithunzi zoyamba kufika m'midzi yambiri zinadza mu emvulopu kucokera ku nchito. M'menemo mnyamata aima ndi suti ndi tayi, dzanja limodzi pa njinga yatsopano, kapena pa wailesi. Koma suti njobwereka kwa mnzace, ndi njinga nja wojambula. Iye mwini agona m'kanyumba ka pa komboni pamodzi ndi anzace, ndi ngongole ku sitolo. Munthu asafulumire kumweruza, pakuti kawirikawiri anacita ici pofuna kuti amace asade nkhawa. Koma bodza lacifundo libalanso ana ace. Ang'ono ace aona suti nasiya khasu. Makolo aona njinga nayembekeza ndalama zimene kulibe. Ndipo mnyamatayo, atadzimanga ndi cithunzi cace, acita manyazi kubwera ndi kabudula wong'ambika pamaso pa anthu amene anamuona ndi tayi; azengereza caka cino, azengereza caka camawa, kufikira wasanduka mchona. Odziwa mbiri ya Yakobo akumbukira kuti malaya a Yosefe oviikidwa m'mwazi anali cinthu cooneka ndi maso ndi cogwirika ndi manja, koma anamliritsa nkhalambayo zaka zambiri maliro a mwana wamoyo. Cooneka ndi maso siciri coona nthawi zonse.

Cithunzi ca banja lonse cisiyana ndi cithunzi ca mu emvulopu. Ico cijambulidwa anthu asanabalalike, pa bwalo la nyumba yao, ndipo kunama kwace nkocepa, cifukwa onse a m'menemo adziwa mwini wa jekete liri lonse. Phindu lace lalikuru ndi lakuti ciri mboni. Cinena kuti pa tsiku lakuti anthu awa anali a nyumba imodzi, nadya m'mbale imodzi. Umboni umenewu uoneka wacabe ana ali ang'ono. Ufunika patapita zaka makumi atatu, pamene wina ali mphunzitsi ku Lusaka, wina agulitsa makala pa mseu, ndipo ana ao akomana pa maliro osadziwana. Akulu anati cibale ndi fupa, siciola. Nzoona, koma fupa likwiririka, ndipo munthu akhoza kulima pamwamba pace osadziwa. Mphunzitsi uja akaona pa khoma kuti dzanja limene liri pa phewa lace ndi la wogulitsa makala, amene anasiya sukulu kuti iye apitirire, mlandu wa thandizo watha wopanda nkhoswe.

Popeza cithunzi ciri mboni, funso lolemera ndi ili: aimemo ndani? Mwa mwambo wa Ansenga, monganso wa Acewa, mwana atsata mtundu wa amace, mwamuna akakwatira akhala kwao kwa mkazi monga mkamwini, ndipo woyang'anira mbumba ndiye malume. Koma cithunzi ca atate, amai ndi ana ao okha cinadza ndi makhalidwe a ku Ulaya, ndipo m'menemo malume alibe mpando. Nkwabwino ndithu kuti atate aoneke pakati pa ana ao. Mkamwini amene anayesedwa mlendo pa mudzi wa mkazi wace ayenera malo amenewo, pakuti thukuta lace ndilo linawalera. Koma sikwabwino kuti banja licepetsedwe kuti likwane m'galasi. Ambuye amene anatafunira ana cakudya akhalemo. Malume amene anagulitsa ng'ombe yace kulipira sukulu akhalemo. Wojambula angobwerera m'mbuyo mapazi atatu, onse adzakwana.

Ndipo pali wina amene aiwalika kopambana onsewa. M'zaka za 1990, pamene matenda a Edzi anasiya ana amasiye m'midzi yambiri, nyumba zowerengeka zokha ndizo zinalibe mwana wa mlongo kapena wa mbale wolereredwamo. Wowerenga ayerekeze tsiku limene wojambula afika ndi njinga yace. Ana a m'nyumba asambitsidwa, nadzola mafuta, nabvala za pa Sabata. Koma wamasiye atumidwa ku citsime, kapena auzidwa kuti aingitse mbuzi zingalowe m'cithunzi. Palibe amene anamtukwana. Kapena palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zoipa. Koma mwanayo akula, nacoka, nabwera kudzaona amene anamlera, ndipo apeza pa khoma umboni wakuti iye sanali wa m'nyumbamo. Mau onse okoma sangathe kufafaniza cimeneci. Cotero cithunzi ciweruza nyumba, ngakhale eni ace sanafune kuweruzidwa. Ndipo banja lisanaitane wojambula liyenera kuyamba ladzifunsa kuti ana ace ndi angati.

Cithunzi ciri ndi kufoka kwina: cisunga nkhope, koma sicisunga dzina. Luso la kujambula linalengezedwa ku Paris m'caka ca 1839, mwa nchito ya Louis Daguerre, ndipo pasanapite zaka makumi awiri ndi zisanu John Kirk, mnzace wa David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi, anali kujambula m'mbali mwa mtsinje umenewo. Kuyambira masiku amenewo alendo ambiri, a boma ndi a misyoni, anajambula anthu a maiko ano, ndipo zithunzi zao zisungidwa m'nyumba za mabuku kutali. Koma pansi pa zambiri palembedwa mtundu wa anthu kapena dzina la malo, osati maina a ojambulidwawo. Iwo anali atate ndi amai a wina, koma adzukulu ao sangawazindikire. Zomwezo zicitika pa khoma la m'mudzi. Amai adziwa onse a m'cithunzi. Mwana adziwa ambiri. Mdzukulu adziwa awiri. Mdzukulutubvi aona alendo okhaokha, nacotsa pepalalo kuti aikemo lina m'galasimo. Mwambo wakale unacita mosiyana: unataya nkhope, koma unasunga dzina, pocha khanda dzina la ambuye ace, ndi polowetsa mphwa m'dzina la malume ace. Ziwirizi zifunana. Cifukwa cace kuseri kwa cithunzi kulembedwe maina onse, kuyambira kumanzere, ndi mfunda wa yense, ndi mudzi, ndi mfumu, kaya Ndake, kaya Nyalugwe, kaya Mumbi, ndi caka. Alembe ndi pensulo, pakuti inki idutsa pepala m'nyengo ya dzinja.

Masiku ano wina adzati nkhani yonseyi yatha, popeza foni ya m'thumba ijambula zithunzi mazana, nizitumiza pa WhatsApp kucokera ku Chawama kufika ku Nyimba nsima isanapse. Ici ndi cokoma, ndipo amai a machona akadacilakalaka. Koma foni igwa m'madzi, ibedwa pa basi, igulitsidwa pa njala, ndipo zithunzi zipita nayo. Ndiponso nkhalamba zambiri ziona zithunzizo pa foni ya mdzukulu, kamphindi kokha, mwini wace atatambasula dzanja kuti ailandire. Cithunzi ca pa khoma sicifuna moto wa magetsi, sicifuna kupempha. Mdani wace ndi ciswe, cinyezi ndi dzuwa; cikakhala m'galasi, pa khoma losayang'anana ndi khomo, cikhoza kupirira zaka zambiri. Mwana wokhala m'tauni angacite bwino kusankha cimodzi pa mazana aja, nacitsukitsa pa pepala.

Koma mwanayo asayese kuti potero wabweza mangawa ace. Apa akulu otsutsa aja anena zoona. Kutumiza cithunzi nkwapafupi, ndipo cinthu capafupi cigoneka cikumbumtima. Yakobo ataona magareta amene Yosefe anatumiza, mtima wace unatsitsimuka. Koma sanakhale pansi kusirira magaretawo, anakwera kuti akaone mwana wace asanafe. Cithunzi cabwino cicita monga magareta aja: cidzutsa njala ya kuonana. Cikayamba kuipha njalayo, mwana nanena mu mtima mwace kuti amai andiona tsiku ndi tsiku pa khoma, pamenepo casanduka coipa. Ulendo wa ku Petauke, umene machona anauyenda masabata, lero basi iutha tsiku limodzi.

Makolo nawonso ali ndi msampha wao. M'cithunzi mwana sakula. Mnyamata wa kabudula akhala wa kabudula nthawi zonse, womvera, woima pamene anamuimika. Mai amene ayang'ana cithunzico zaka zambiri akhoza kukonda mwana wa pa pepala koposa munthu wamkuru amene afika pa Khrisimasi ndi mkazi wa mtundu wina, ndi ana olankhula Cibemba, ndi maganizo ace ace. Mpongozi alowa m'nyumba napeza khoma lodzala kale, lopanda malo a iye. Mankhwala ace si kutsitsa cithunzi cakale, koma kupacika catsopano pambali pace, ndi apongozi ndi adzukulu onse. Kuti woyang'ana aone kuti nyumba ija sinathe, inangokula nisefukira kwina.

Cobvuta ndi kusonkhanitsa anthu. Mabanja ambiri a ku Petauke ndi Nyimba akomana onse pa maliro pokha. Ndipo pamenepo, m'mawa mwace mwa kuika, mabasi asanafike, wina atulutsa foni nati, Tiyeni tiime pamodzi. Aima ana onse monga mwa misinkhu yao, wa ku Kanyama, wa ku Kitwe, wa ku Katete, ngakhale uja sanamveke zaka zinai. Cithunzico cituluka bwino, palibe wosowa, koma mmodzi yekha amene anacifuna zaka zonsezo. Ndipo cithunzi cace ca iye, cimene anaciika pa bokosi dzulo lace, anacita kucikuza kucokera pa citupa ca boma, cifukwa cina sicinapezeke.