Kodi Wamng'ono Aposa Motani Yohane?

Ku Mbare ndi Highfield, mu Harare, kumakhala adzukulu a Amalaŵi amene anapitako kukafuna ntchito. Ambiri ngosauka ndi osaŵerengeredwa. Kodi Mulungu amapima ukulu ndi muyeso umenewo?

Yesu anasonyeza kuti panalibe munthu wobadwa mwa mkazi woposa Yohane Mbatizi, komabe anati wamng'ono mu Ufumu wa Kumwamba amamposa. (Mateyu 11:11) Nchifukwa ninji? Sikuti Yohane anapereŵera chikhulupiriro. Herode Antipa anamdula mutu Kristu asanapereke dipo, mzimu woyera usanatsanulidwe pa Pentekoste wa 33 C.E. Yohane analoza khomo. Ophunzira a Yesu ndiwo analoŵa. Chotero ukuluwo ndiwo mphatso ya Mulungu, osati mphotho ya kutchuka. Mkristu wogulitsa tomato pa Mbare Musika asadziyese wopanda pake.